Vwende Limene Ndinalitcha Khanda

Mutu wa impalasi tinauphunzira teremu yoyamba ya Fomu 4 ili pafupi kutha, kusukulu kwathu ku Kadoma. Aphunzitsi a fizikisi anali bambo wamtali, wosaseka, wolemba pabolodi atatifulatira mpaka belu lilire. Tsikulo analemba zinthu ziwiri. Choyamba, chinthu chilichonse choyenda chili ndi momentamu, ndiye kuti kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro lake. Chachiwiri, kuti chinthucho chiime uyenera kuichotsa momentamu yonseyo, ndipo choichotsera ndi impalasi: mphamvu imene ukukankhira chinthucho kuchulukitsa ndi nthawi imene wachikankha. Ukachiimitsa mwadzidzidzi nthawi imachepa, ndiye mphamvu iyenera kukula. Ukachiperekeza pang'onopang'ono, mphamvu yochepa imakwanira. Anzanga anakopera n'kutseka makope. Ine ndinaona kuti zimenezi munthu akhoza kuzigwiritsa ntchito.

Ndinkasewera netibolo, ndipo kaputeni wathu anali ndi kawakhidwe kake kodzionetsera: manja owuma ngati mipini, mpira n'kulira kuti pha m'zikhato, iye n'kucheuka kuti aone ngati anyamata aona. Ndinabwereka jakisoni wa ng'ombe kuchipinda cha zaulimi, ndinatulutsa mpweya mu mpira, n'kuuthira madzi mpaka kudzaza. Inali ntchito yotopetsa, koma ndinapirira. Mawa lake pokonzekera masewero ndinamuponyera pachifuwa monga mwa nthawi zonse. Anakhala pansi. Sanavulale paliponse, koma anakhala pansi ndithu, miyendo tambalale, ndipo anyamata anaona.

Amayi anaitanidwa kuofesi. Kumeneko analankhula Chishona chofatsa, akuomba m'manja. Chichewa chinayamba titangodutsa pageti, pakuti kwathu Chichewa chimatuluka munthu akakwiya kapena akamapemphera, ndipo chinatiperekeza mpaka kunyumba ku Rimuka. Chigamulo chinali chakuti holide yonse ndikakhale ku Chegutu kwa malume, ndikaone mmene anthu amavutikira kuti sadza, nsima ya kwathuko, lifike pambale.

Malumewo ndi alongo awo aakulu a amayi. Amanditchula kuti mdzukulu, monga amachitira Amashona ndi ana a alongo awo. Anagwirapo ntchito pamgodi ku Chakari mpaka pamene mgodi unayamba kuchepetsa anthu, kenako anapeza malo pamsika wa ku Chegutu, m'gulu lotsitsa mavwende. Mwini malondawo anali mayi wina wa Chishona, wamawu ochepa, amene aliyense ankangowatchula kuti amai. Lole yawo inkafika m'mawa kuchokera kuminda ya cha ku Ngezi itadzaza mpaka pamwamba.

Vwende silitsitsidwa ngati thumba la chimanga. Limaponyedwa. Munthu mmodzi amakwera pamwamba n'kumaponya, wina pansi amawakha n'kupatsira anzake amene aima mzere mpaka pamulu. Wapamwamba akhoza kukhala aliyense wa dzanja lolunjika. Amzere akhoza kukhala aliyense. Koma wowakha ndiye mwini ntchito, chifukwa vwende limafika kwa iye litathamanga, ndipo ndi iye yekha amene amai ankamusunga chaka chonse, mavwende akatha n'kubwera makabichi ndi maungu. Enawo ankangotengedwa tsiku limene afunika. Wowakha anali malume.

Gululi analiyambitsa ndi madala akwathu, ana a anthu amene anachokera ku Nyasalande, choncho linali ndi mwambo wake wa m'Chichewa umene ngakhale anyamata a Chishona ankautsata. Woponya asanalisiye vwende amatchula msinkhu wake. Laling'ono ndi khanda. Lapakatikati ndi namwali. Lalikulu, lochita kulikumbatira, ndi gogo. Wapansi alibe nthawi yoliyeza ndi maso, makamaka dzuwa lam'mawa likamamuthobwa, ndiye amakonza manja ndi miyendo malinga ndi mawu amene wamva. Khanda amaliwakha ali chilili. Gogo amamudikira atatangadza miyendo. Ine anandiika pamwamba chifukwa cha dzanja la netibolo lija, ndipo tsiku loyamba, akundikankhira palole, malume anandiuza kuti pamwambapo munthu akhoza kuimba, kutukwana ngakhale kudya, koma kunama ayi.

Ndili pamenepo ndinaona zapabolodi zija zikuchitika pansi panga. Malume sankalidikira vwende kuti liwapeze. Ankalichingamira manja ali m'mwamba n'kutsika nalo limodzi, zigongono kupindika, mawondo kupindika, thupi kupotokera kumanzere, ndipo pofika m'chiuno linali litaima popanda phokoso lililonse. Ankatalikitsa nthawi, basi. Koma manja awo anali atayamba kutha. M'mawa mfundo za m'manja zinkatupa, akazi awo n'kuwathowa ndi madzi otentha tisananyamuke. Kumsika ankavala malaya a mikono yaitali ngakhale kutenthe bwanji.

Patapita masiku kunabwera mnyamata wa ku Chakari, mwana wa mchemwali wawo wa amai. Anali mkorokoza, mmodzi wa aja okumba golide pawokha, koma dzenje lawo linali litadzaza madzi a mvula, ndiye analibe chochita. Mikono yake inali ngati ntchafu zanga. Anayamba kuwakha malume akapita kukamwa madzi, kenako anayamba kuwakha malume ali pomwepo. Amai ananena pamaso pa gulu lonse kuti lole yaikulu ya Loweruka adzaitsitsa awiriwo mosinthana, vwende ili mdala, vwende ili mnyamata, ndipo iwo adzaona okha woti atsale pansi pa lole. Malume anangoti zili bwino. Kunyumba akazi awo anayamba kufunsa anzawo a kutchalitchi ngati kufamu ina kukufunika mlonda.

Mnyamatayo ankawakha ngati khoma. Ankaima njo, manja kutsogolo, vwende n'kulira kuti pha, iye osasuntha ngakhale chala chakuphazi. Iye ankawatchula malume kuti mudhara, ndiye kuti mdala m'Chishona, ndipo ankauza anthu kuti mudhara amayamba wavina nalo vwende asanaligoneke. Anthu ankaseka. Makhanda ankapirira nkhanza zakezo, anamwali enanso ankapirira. Koma ndinaona kuti amayi odula mavwende ogulitsa zidutswa akatenga limene iye wawakha, nthawi zambiri ankalipeza mtima uli wong'ambika m'kati, khungu lili bwinobwino. Aliyense ankati ndi maenje a msewu wa ku Ngezi. Ine sindinatsutse. Umboni wobisika m'kati mwa vwende sukanathandiza malume. Pankafunika kuti lisweke anthu akuona.

Sindinganene kuti zotsatirazi ndinazichita chifukwa chokonda malume. Ndimawakonda, koma chimene chinandikoka kwenikweni n'chakuti mnyamatayo anali ngati kaputeni wathu uja atabadwanso wamwamuna, ndipo manja anga ankayabwa.

Lachisanu ndinakakhala naye pamthunzi wa lole tikudya chimanga chootcha. Ndinamuuza m'Chishona kuti atsikana ogulitsa matimati tsidya la msewu amadziwa kuti wawakha ndi iye ngakhale asanayang'ane, amangomva kulira kwake. Ndinamuuza kuti malume amapinda mawondo chifukwa msana unatha kumgodi, ndipo sindikumvetsa kuti mwamuna wabwinobwino angagwadire bwanji chipatso. Anatafuna chimanga kwa kanthawi n'kufunsa kuti ndi mtsikana uti makamaka. Ndinaloza ndi mlomo kumene kunali atsikana ambiri.

Loweruka lole inafika yodzaza kuposa masiku onse. Amai anakhala pakireti chapafupi, akusenda mtedza, maso ali pansi pa lole. Pamsikapo palibe amene amayang'ana woponya. Dzuwa limakhala kumbuyo kwake, ndiponso zosangalatsa zimachitikira pansi.

Apa pali kanthu kena ka fizikisi komweko. Vwende likakhala m'malere dziko limalikoka nthawi yonseyo, ndipo kukokako ndi mphamvu, mphamvu kuchulukitsa ndi nthawi ndi impalasi yomwe ija. Likagwa kuchokera patali limakokedwa nthawi yaitali, ndiye limafika ndi momentamu yambiri. Choncho la malume ndinkagwada m'mphepete mwa lole n'kulisiya chapansi, pafupifupi kuwapatsira m'manja. La mnyamata ndinkaimirira pamwamba pa mulu n'kuliponya chokweza, kuti liyambe lapita kumwamba lisanatsike. Ndinkasankhanso. Vwende lopsetsa ukaligogoda ndi chala limayankha mogonthera, ndipo khungu lake silichedwa kugonja. Amenewo ndinkamusungira iye. Mayina ndinkatchula oona, khanda ndi khanda, namwali ndi namwali. Mpaka pamenepo palibe lamulo limene ndinaswa.

Loyamba kusweka linali namwali. Linalira pha ngati kale, kenako linangotseguka m'manja mwake, madzi ofiira n'kutsikira m'malaya. Iye anati linali lowola. Amai anatola chidutswa, ananunkhiza, analumako, n'kubwerera pakireti. Mzere unapitirira. Malume anawakha lawo mwakachetechete. Mnyamata anacheukira kwa atsikana a matimati, anaumitsanso manja kuposa kale, ndipo posapita nthawi lina linang'ambika pakati, theka kugwera pajombo zake. Ana a pamsika anayamba kusonkhana pafupi ndi iye ngati nkhuku, kudikira zidutswa. Malume anakweza maso kamodzi, dzanja pachipumi, n'kundiyang'ana. Ine ndinali wotanganidwa ndi kugogoda mavwende.

Litasweka lina, amai anasiya kusenda mtedza. Pamenepo nkhani inali itatha, ndipo munthu wina akanalekera pomwepo. Koma pakona, kuseri kwa mutu wa lole, panali gogo amene ndinamuona kuyambira m'mawa, wamtali ngati mwana wa nkhumba. Ndinkafuna kudziwa kuti khoma likamva kuti khanda, n'kulandira ameneyo, limatani. Ndinamugubuduza mpaka pamwamba pa mulu, ndinamukweza pamawondo, kenako pamimba. Inali nthawi ya mnyamata. Ndinafuula kuti khanda, n'kumukankha ndi manja onse awiri kuchokera pansi.

Chimene sindinaone n'chakuti mnyamatayo anali atatembenuka kuti avule malaya ake onyowa aja, mwina chifukwa cha ntchentche, mwina chifukwa cha atsikana. Malume salola mzere kuima. Ataona malo ali opanda munthu analowapo, ndipo anamva zimene ndinanena. Anaima chilili, mapazi pamodzi, manja momasuka, ngati munthu wolandira kabichi.

Ndikuganiza kuti anayamba kuona mthunzi. Akanatha kudumphira pambali, vwende n'kuphulikira pansi, ndipo palibe akanawadzudzula kupatula amai. Sanadumphe. Analilandira pamikono, mikono inagonja n'kulibweretsa pachifuwa, anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, linanso, mawondo anapindika, anakhala pansi, ndipo vwende linali lisanathebe nawo. Anagubudukira chagada pamulu wa masamba a kabichi ndi makoko, miyendo m'mwamba, jombo imodzi n'kuvuka kukagwera pamatimati a munthu wina. Atasiya kuyenda anali chigonere, chipewa chili kumaso, gogo ali pamimba pawo atamukumbatira.

Kunena za fizikisi, kumeneko ndiko kuwakha kwabwino kuposa konse kumene ndinaonapo. Anayamba kuliimitsa lili pamwamba pa mutu wawo, n'kumaliza kuliimitsa ali m'masamba. Kunena za pamsika, anthu anaona mdala atagwa chagada miyendo ili m'mwamba, ndipo atatsimikiza kuti akupuma anaseka mpaka ogulitsa nsomba zouma anabwera kudzafunsa. Inenso ndinaseka. Kuchokera pamwamba zinkaoneka bwino kuposa paliponse.

Amai sanaseke. Ananyamuka, anachotsa vwende pamimba pa malume, analitembenuza uku ndi uku kufunafuna mng'alu. Kenako anaitanitsa mpeni n'kulidula pakati pomwepo. Mtima wake unali wathunthu, wofiira, wopanda mzere ngakhale umodzi. Analiyang'ana, anayang'ana zidutswa zimene zinali mbwee pamapazi pa mwana wa mchemwali wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo anakweza maso pamwamba pa lole. Anafunsa ngati ndine ndanena kuti khanda. Ndinayankha kuti pochoka m'manja mwanga linali khanda ndithu, lachita kukulira m'njira. Amzere ena anaseka. Malume anali atakhala tsonga, akugwira dzanja lamanzere ndi lamanja.

"Tsika, mdzukulu," anatero, m'Chichewa, mosakweza mawu.

Ndinatsika. Amai anagamula ali chiimire, mpeni uli m'manja. Mudhara atsala pansi pa lole. Mnyamata akwere pamwamba, popeza malo apezeka ndipo mikono ali nayo. Mwana wasukuluyu asadzayandikirenso lole yawo, ngakhale kudzatola makoko. Mnyamata anayesa kunena kuti ine ndimamuponyera mokweza dala. Amai anamufunsa kuti nanga la mudhara lija linachokera pansi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Theka la gogo uja anapatsa ana, theka lina anati tipite nalo kunyumba. Ndinalinyamula ndine, pamutu. Linali lotsekemera kwambiri.

Dzanja la malume linatupa mpaka wotchi sinkalowa. Akazi awo analimanga ndi nsalu yong'amba kuchitenje chakale, uku akundiwerengera zimene ndikanachita: ndikanawathyola msana, ndikanawaphulitsa chifuwa, ndikanawasiya iwo wamasiye ndi ana. Anandiuza kuti ndigwade ndipepese. Kugwada ndinagwada, sikuvuta. Ndinati dzanjalo landimvetsa chisoni, zimene zinali zoona, koma ndinawakumbutsanso kuti za ulonda wa kufamu zija tsopano akhoza kuziiwala. Anandiponyera chikho cha pulasitiki. Ndinachiwakha bwinobwino, mopinda zigongono. Malume sanalowerere. Anangouza akazi awo kuti atumize uthenga ku Kadoma kuti mwana akubwera Lolemba, holide isanathe.

Lolemba m'mawa tinadzera kumsika, chifukwa makombi, maminibasi a ku Kadoma, amaima chapafupi ndipo malume sakanajomba tsiku loyamba atapambana. Lole inali itafika kale. Ndinaima patali ndi chikwama changa, kunja kwa malire amene amai anandiikira, n'kumaonerera. Mnyamata uja anali pamwamba, chifuwa chili pamtunda. Mayina ankatchula oona, mofuula kuti tsidya la msewu amve. Koma ankaponya ngati akutulutsa miyala m'dzenje la golide, mwamphamvu, molunjika pachifuwa, osadziwa kuti vwende umangolisiya, dziko n'kuchita zotsalazo. Lililonse linkafika kwa malume ndi liwiro limene ine sindikanalipatsa ngakhale nditafuna. Malume anali ataima chapatali kuposa kale, ndipo pa vwende lililonse ankatsika kwambiri, pafupifupi kukhudza pansi ndi bondo, dzanja lomangidwa lija likungothandizira chapambali. Palibe limene linasweka. Podzuka ankachedwa pang'ono.

Amzere atapuma kuti akonze mulu, malume anabwera kudzandikweza kombi. Anali thukuta lokhalokha. Ndinawauza kuti atandipatsa mphindi zochepa ndikhoza kumuphunzitsa mnyamatayo kuponya chapansi, chifukwa vuto lake ndi losavuta, ndi liwiro chabe, ndipo ine amandimvera. Malume anati amuphunzitsa okha, ndipo ngati ndi kumvera kuja kwa Lachisanu, mnyamatayo wamvera zokwanira. Ndiye kuti ankadziwa. Hwindi, woitanira anthu mukombi, anali akumenya chitseko cha kombi n'kumafuula za Kadoma. Malume anandilanda chikwama ndi dzanja labwinolo.

"Dzanja lako ndi labwino, mdzukulu. Pa onse amene anandiponyerapo, iwe ndiye umatha. Koma ine sindidzaimanso pansi pako."

Ndinawathokoza chifukwa cha mawu a dzanjawo. Anakankhira chikwama pansi pa mpando, anauza hwindi kuti anditsitsire pa renki, pamene makombi amathera, osati panjira, n'kubwerera kulole mofulumira, chifukwa mnyamata uja anali atanyamula kale lina.